Vakabu inafera kukhoti, koma pa depoti ikuyendabe

Foni ikalira tambala asanalire, mtima umathamangira kumaliro. Loweruka lina mwezi wathawu yanga inalira nthawi itangopitirira 5 koloko, ndipo nditaona kuti ndi mchemwali wanga wa ku Mchesi ndinakhala tsonga ndisanayankhe n'komwe.

"Achimwene, mwana wanu uja amutenga apolisi."

"Walakwanji?"

"Kaya. Amene athawa akuti angowakweza onse m'galimoto."

Mnyamatayu ali ndi zaka 22. Ntchito yake ndi yotsitsa katundu. Malole a tomato, kabichi ndi mbatatesi akafika m'bandakucha kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, iye ndi anzake amasenza madengu ndi matumba kupititsa pamabenchi a amayi a kumsika wa m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. Wofuna ganyu imeneyi sadikira dzuwa. Amanyamuka kunyumba cha m'ma 3 koloko, wapansi, kuti lole yoyamba imupeze ali pomwepo. Tsikulo anathera panjira, chakufupi ndi depoti ya mabasi.

Kwathu kuno mwana wa mlongo wako akagwa m'mavuto, mlandu ndi wa malume. Pomwe ndinkafika ku Mchesi, mchemwali anali atazungulira kale kwa anansi ndi ku banki m'khonde, n'kusonkhanitsa K40,000. Akuti ya belo. Ndivomere pamaso panu awerengi: ndinazilandira. Ine amene ndimalemba patsamba lino, amene ndikudziwa bwino lomwe kuti belo ya kupolisi ndi yaulere, ndinapinda ndalamazo n'kuika m'thumba la jekete. Mumtima ndinkati mwina zikafunika.

Sinditchula kuti inali polisi iti, chifukwa nkhani yanga si ya ofesi imodzi. Panja panali anthu ngati pachipatala: amayi atanyamula zikontena za phala ndi nsima, abambo ataimirira manja kumbuyo. Ndisanalowe n'komwe, dobadoba wina anandipeza.

"Madala, muli ndi m'bale mkatimo? Mabwanawa ine ndimadziwana nawo. Mukangondigwira m'manja, madzulo ano akagona kwawo."

Ndinamupitirira. Pakauntala ndinapeza wapolisi wachitsikana, ndipo ndinafunsa mafunso atatu: mwanayu wamangidwa pa mlandu wanji, mwamulemba m'buku nthawi yanji, ndipo kodi angapatsidwe belo ya kupolisi. Anandiyankha mwaulemu, n'kutsegula buku. Dzina linalimo. Chifukwa chake akuti anapezeka akuyenda usiku mokayikitsa. Za belo anati ndidikire bwana wofufuza mlanduwo, yemwe anali atatuluka. Wapolisiyo sanatchule liwu loti vakabu, koma pabenchi yomwe ndinakakhala aliyense ankanena lomwelo. "Wanga amugwira vakabu." "Wanganso ndi vakabu." Ankalitchula ngati chimfine, chinthu chongogwera munthu, chopanda kofunsa.

Pamenepa mpomwe ndinaona kuti nkhani ya Mayeso Gwanda sinafike pabenchi imeneyi.

Gwanda anali venda wa ku Blantyre wogulitsa majumbo. Mu Malichi 2015, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, akupita ku Limbe kukagulitsa malonda akewo, apolisi anamugwira n'kumutsekera pa mlandu wa vakabu. Lamulo lomwe anagwiritsa ntchito linali gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu yaupandu. Mwachidule linkati munthu akapezeka pamsewu kapena pamalo ena aliwonse panthawi ndi m'njira yopangitsa wina kuganiza kuti ali ndi cholinga choipa, ameneyo ndi wolakwa. Taonani: sipankafunika kuti ube, sipankafunika kuti umenye munthu. Bola wapolisi waganiza. Lamuloli tinalilandira kwa atsamunda, ndipo mizu yake ili m'lamulo la ku England la 1824 lothamangitsira anthu osowa pokhala. Eni ake analipangira amphawi awo, kenaka n'kulitumiza kuno kuti lizisesa anthu akuda m'matauni.

Anthu ambiri ogwidwa chotere ankangovomera mlandu, kulipira faindi n'kumapita, poti kukana kunali kudziwonjezera masiku m'chitokosi. Gwanda anakana. Mothandizidwa ndi loya Mandala Mambulasa ndi mabungwe omenyera ufulu monga CHREAA, nkhani yake inakafika pamaso pa majaji atatu a bwalo lalikulu, ndipo pa 10 Januwale 2017 majajiwo anagamula kuti gawo limeneli likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Analithetsa. Munthu wogulitsa majumbo anagwetsa lamulo lomwe linadutsa ulamuliro wa atsamunda, wa chipani chimodzi ndi maboma angapo a demokalase lili chiimire. Mu Disembala 2020 bwalo la Africa loona za ufulu wa anthu, lomwe limakhala ku Arusha m'dziko la Tanzania, linanenanso kuti malamulo a mtundu umenewu saloledwa chifukwa amalanga munthu kaamba ka umphawi wake.

Koma lamulo likafa m'buku, chizolowezi sichifera limodzi. Zigawo zina zofanana nalo zinatsalamo, ndipo chipikisheni chinapitirira. Mu 2018 apolisi a ku Kasungu anasesa gulu la anthu usiku, ena ali pantchito zawo, osawauza chomwe alakwa. Ena mwa iwo, kuphatikizapo Henry Banda, anakadandaula kukhoti, ndipo mu 2022 Jaji Zione Ntaba anagamula kuti kusesa anthu mwachisawawa chotere n'kuphwanya malamulo. Wapolisi asanagwire munthu ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka chomukayikira munthuyo payekha, pa mlandu wodziwika. Kungokhala pamalo olakwika panthawi yolakwika si mlandu.

Musandimve molakwa. Ndikudziwa kuti mbali ya depoti, Malangalanga ndi kumlatho usiku kumakhala akuba enieni. Anthu otsika mabasi a usiku alandidwapo mafoni ndi zikwama, ena kukhapidwa kumene. Apolisi akamayendera malo amenewa ndimawathokoza, ndipo nanenso ndikatsika basi mochedwa ndimapuma ndikaona galimoto yawo. Funso langa ndi lakuti: mwa anthu odzaza galimoto, wakuba ndi uti? Mlonda woweruka, mayi wa mandasi wothamangira basi yoyamba, wa kabaza, wotsitsa tomato, onsewa mzinda uno umawafuna ali maso pomwe ena tili m'tulo. Kabichi amene amadyedwa masana ku Area 10 ndi ku Area 43 amasenzedwa usiku ndi anyamata ngati wathuyu. Wa galimoto akadutsa msewu womwewo nthawi yomweyo, kuchokera kumowa, palibe amamutcha vakabu.

Ndili pabenchipo ndinayamba kucheza ndi mayi wina wa ku Kawale amene mwamuna wake analinso mkati. Ndinamufunsa ngati anamvapo za maola 48. Anati amamva pawailesi, koma ankayesa ndi za andale. Ndiye lekani ndilembe pano zomwe ndinamuuza, poti mwina mawa wokhala pabenchipo adzakhala inu. Chaona mnzako chapita.

Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, omwe tinayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994, ali ndi mutu wachinayi wonena za ufulu wachibadwidwe. M'menemo gawo 42 ndi la munthu amene wagwidwa kapena kutsekeredwa. Munthuyo ayenera kuuzidwa msanga chifukwa chomwe amugwirira, m'chiyankhulo chomwe amamva. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo apolisi ayenera kumuuza za ufulu umenewu ndi kumuchenjeza kuti zomwe anene zingadzagwiritsidwe ntchito kukhoti. Palibe woyenera kumukakamiza kuvomera mlandu. Ali ndi ufulu wolankhula ndi loya, wolumikizana ndi abale ake ndi kuyenderedwa nawo, komanso woonana ndi dokotala. Ayenera kusungidwa mwaumunthu. Ngati ali mwana, asasakanizidwe ndi akuluakulu. Ndipo mpaka khoti litamupeza wolakwa, lamulo limamutenga kuti ndi wosalakwa, ngakhale mudzi wonse utamuloza chala.

Tsono pali maola 48 aja. Apolisi ayenera kumutengera munthuyo kukhoti pasanathe maola 48 chimugwirireni, kuti akamve mlandu wake kapena chifukwa chomusungirabe. Zikalephereka, amasulidwe. Komabe pali kakhomo kamene ambiri sakadziwa: maolawo akathera usiku, kapena tsiku lomwe makhoti sagwira ntchito, amadikira tsiku loyamba lotsegulira khoti. N'chifukwa chake kumangidwa Lachisanu kapena Loweruka kumawawa. Wathuyu anamugwira Loweruka cha m'ma 3 koloko m'mawa, choncho lamulo linkalola kuti akaonekere kukhoti Lolemba. Ndiye chifukwa chake nthawi yomwe munthu walembedwa m'buku ndi yofunika kuifunsa ndi kuilemba penapake. Popanda nthawi imeneyo, maola 48 muwerengera pati?

Za belo zili pawiri, ndipo madobadoba amadyera pa kusokoneza ziwirizi. Belo ya kupolisi imaperekedwa ndi apolisi okha pa milandu ing'onoing'ono, ndipo salipira ngakhale tambala. Chimene amafuna ndi anthu odziwika bwino, okhala ndi ziphaso, olonjeza kuti munthuyo sathawa ndipo adzabwera tsiku lomwe wauzidwa. Akuluakulu a polisi eni ake akhala akulengeza zimenezi kambirimbiri. Belo ya kukhoti ndi ina: woweruza angathe kulamula kuti paperekedwe ndalama ya chikole, koma imeneyo imalipiridwa ku ofesi ya khoti, amakupatsani lisiti, ndipo lisitilo musunge chifukwa ndalamayo ndi yobweza munthu akatsatira zonse mpaka mlandu kutha. Ndalama yoperekera kuseri kwa galimoto, yopanda lisiti, ili ndi dzina lake, ndipo woperekayo nayenso amakhala wapalamula. Milandu ikuluikulu monga yakupha, belo yake ndi ya bwalo lalikulu basi.

Ngakhale amene khoti lamutumiza pa rimandi ku Maula sayenera kuiwalidwa kumeneko. Mu 2010 aphungu anaika malire m'lamulo la kazengedwe ka milandu: pa milandu ya kwa majisitireti munthu asapitirire masiku 30 akudikira kuti mlandu uyambe, ndipo pa milandu yoopsa monga kupha, masiku 90. Khoti lingawonjezere pang'ono likapemphedwa. Masikuwo akatha, pali poyambira kupempha kuti atuluke pa belo. Koma wina ayenera kuwerenga masikuwo, ndipo kawirikawiri wowerengayo ndi m'bale.

Mayi wa ku Kawale uja anamvetsera zonsezi mpaka kumapeto, kenaka anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kujekete.

"Inu mukhoza kufunsa zimenezo, bambo. Ine ndikakafunsa andithira m'chitokosi momwemo."

Ndinasowa choyankha, chifukwa sananame kwenikweni. Ndinalandiridwa mwaulemu pakauntala paja, inde, koma ndinali nditavala jekete, ndipo funso loyamba ndinalifunsa m'Chingerezi mwadala. Ndikuchita nazo manyazi, koma ndi momwe zinalili. Gawo 20 la malamulo omwewa limati tonse ndife ofanana pamaso pa lamulo. Pamapepala mpomwe tili ofanana. Pa 6 Disembala 2022 apolisi anafika m'bandakucha kunyumba kwa Martha Chizuma, yemwe panthawiyo anali mkulu wa bungwe lothana ndi katangale la ACB, n'kumutengera ku Namitete. Dzuwa lisanafike pamutu dziko lonse linali litagwedezeka. Maloya anathamanga, aphungu anaima m'Nyumba ya Malamulo, akazembe a maiko akunja analankhula, ndipo anatuluka tsiku lomwelo. Zinali zoyenera kuti anthu akwiye. Koma gawo 42 lomwe linamuteteza iye ndi lomwelo la mwamuna wa mayi wa ku Kawale. Chosiyana ndi kuchuluka kwa anthu ofunsa mafunso.

Mantha a mayiyu ndikuwadziwa komwe anachokera, poti inenso ndinayamwa omwewo. Ndili mwana ndinaona amayi anga akubwezedwa pachipata cha msika, dengu lili pamutu, chifukwa anaiwala khadi ya chipani. Sanatsutse. Masiku amenewo munthu ankatengedwa usiku n'kukakhala zaka ku Mikuyu osaonekera kukhoti, ndipo lamulo linkaloleza. Wofunsa kuti m'bale wanga ali kuti ankadziputira yekha. Pa 14 Juni 1993 tinavota pa riferendamu kukana moyo umenewo, ndipo amene analemba malamulo atsopano anaika maola 48 aja akukumbukira anthu omwe anasowa choncho. Koma mantha sachoka ndi voti. Tinawasiyira ana athu ngati munda. Mpaka lero mwana akalira timamuopseza kuti tikuitanira apolisi.

Kufunsa msanga si chipongwe, nthawi zina n'kupulumutsa moyo. Mu Febuluwale 2019 Buleya Lule, yemwe ankaganiziridwa pa nkhani yosowetsa mnyamata wachialubino wa ku Dedza, anafera m'manja mwa apolisi muno mu Lilongwe. Kafukufuku wa bungwe la boma loona za ufulu wa anthu la MHRC anapeza kuti anazunzidwa, ndipo apolisi angapo anazengedwa mlandu wakupha. Mlandu womwe ankamuganizira unali woipitsitsa, palibe angakane. Koma atafa, zomwe ankadziwa zinapita naye kumanda, ndipo khoti silinapeze mpata womuweruza. Malamulo athu amalola kuti maufulu ena achepetsedwe pakakhala chifukwa chomveka, koma kuzunza munthu salola ngakhale pang'ono, kaya dziko lili pamtendere kaya pachipwirikiti.

Apa ndiyenera kutembenuzira chala kwa ife tomwe, anthu a mumsika ndi m'misewu. Timadandaula apolisi akatisesa popanda umboni, koma wina akangokuwa kuti "wakuba!" pakati pa Tsoka ndi depoti, ndani amafunsa umboni? Miyala imayamba kugwa dzina la munthuyo lisanadziwike. Ndinaonapo mnyamata akukhetsa magazi, akupulumutsidwa ndi apolisi omwewo amene timawanena, ndipo omenyawo theka sankadziwa chomwe chabedwa. Mu Januwale 2012 mavenda ena a mumzinda muno anavula amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi, pomwe lamulo loletsa zovala zotere linali litachotsedwa kalekale, ulamuliro wa chipani chimodzi ukutha. Amene amafuna kuti khonsolo ndi apolisi alemekeze ulemu wake pomuchotsa pamalo osaloledwa kugulitsirapo, ayeneranso kudziwa kuti mayi wodutsa kutsogolo kwa benchi yake ali ndi ulemu womwewo, wotetezedwa ndi gawo 19 lomwelo. Sitingamafune gawo 42 mwana wathu akagwidwa, n'kumalikana wogwidwayo akakhala mwana wa wina.

Kodandaula kulipo, ndipo konse kuli muno mu Lilongwe, mtunda wa minibasi imodzi kapena ziwiri. A Legal Aid Bureau ndi maloya a boma othandiza anthu osatha kulipira loya. A MHRC amalandira madandaulo a kuphwanyiridwa ufulu. Ombudsman amamva za nkhanza ndi kusalungama kwa maofesi a boma. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, ngakhale linatenga zaka khumi kuti liyambe ntchito. Palinso alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI omwe amayendera ndende, makhoti ndi mapolisi. Sindikunamizani kuti mukapita lero mawa zatheka. Maofesi amenewa anthu ndi ochepa, mafayilo ndi phiri. Komabe dandaulo lolembedwa, lokhala ndi tsiku, nthawi ndi nambala ya wapolisi, limalemera kuposa kung'ung'udza kwa m'minibasi. Chondipweteka n'chakuti malamulo onsewa analembedwa m'Chingerezi, kukhoti amayankhula Chingerezi womasulira ali pambali, ndipo mwana amamaliza sukulu atamva za ufulu mwapatalipatali, osadziwa choyankhula pakauntala ya polisi.

Bwana wofufuza uja sanabwere Loweruka lonse. Tinasiya chakudya n'kubwerera. Lamulungu m'mawa ndinabweranso ndi mchemwali ndi mkulu wina wa mpingo wawo, aliyense atatenga chiphaso chake cha unzika. Ndinafunsanso mafunso omwe aja, ulendo uno m'Chichewa, mayi wa ku Kawale ataima pambali panga kuti amve ndi makutu ake. Cha m'ma 2 koloko masana bwanayo anafika, anatifunsa komwe tikukhala ndi ntchito ya mnyamatayo, n'kutulutsa fomu. Tinasayina. Palibe anatchula ndalama, ndipo ine sindinagwire m'thumba. Mayi uja anapempha fomu yomweyo, mawu akunjenjemera. Anamuuza kuti abweretse mboni yachiwiri, ndipo anathamanga kukaimba foni.

Mnyamata wathu anatuluka atagwira thalauza ndi dzanja, lamba ndi zingwe za nsapato zili m'kajumbo. Anamuuza kuti adzaonekere Lachitatu. Atapita Lachitatulo anangomuuza kuti azipita, nkhani yatha. Mlandu sunafike kukhoti, ndipo palibe anamufotokozera chomwe anagonera pasimenti, kapena amene adzamubwezere ganyu ya masiku awiri.

Tikutuluka pachipata Lamulungu lija anandikoka dzanja.

"Malume, muli mdala wina mkatimo, mlonda. Anamugwira akuweruka. Foni alibe, nambala ya aliyense saikumbukira, kwawo sakudziwa kuti ali kuno. Wandilongosolera nyumba yake ku Chinsapo."

Pa K40,000 ija ndinachotsapo ya minibasi n'kumupatsa, yotsalayo ndinabweza m'manja mwa mchemwali kuti akabweze ku banki m'khonde chiwongoladzanja chisanakwere. Mnyamatayo sanapite n'kukasamba komwe. Analowetsa zingwe m'nsapato, n'kulunjika kokwerera minibasi za ku Chinsapo.